Makina Amene Anatchula Kapoli

A Kalino anabadwira pa pulazi ya fodya kuseri kwa Karoi, m'komboni momwemo momwe akukalambiramu. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, akulondola mbiri ya ntchito, ndipo anafera pa pulazipo osabwererako. Ku Dedzako a Kalino sanapondeko n'kamodzi komwe, komabe chitupa chawo chimati ndi mlendo. M'basi ya ku Karoi akangotsegula pakamwa ndi Chishona chawo chokhotakhota, sipalephera kupezeka wina wowafunsa kuti kwanu ku Malawi mvula yagwa bwanji chaka chino. Mvula ya ku Malawi aidziwira kuti iwo, abale?

Ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya. Anaiyamba ndevu zisanamere, kusenza zipika pa phewa lamanzere kuchokera pa mulu kukafika pa ng'anjo, chaka ndi chaka, mpaka phewalo linatsika osakweranso. Akamayenda amapendekera mbali imodzi ngati ngolo yophwa tayala. Itafika nthawi ya jambanja, yolanda mapulazi, mzungu mwini pulaziyo anathamangitsidwa, pulazi inadulidwadulidwa, ndipo gawo lokhala ndi nyumba yaikulu pamodzi ndi komboni linagwera a Mhembere, munthu wa mu ofesi wochokera ku Harare. Anthu a m'komboni sanapatsidwe ngakhale kandime kodzala therere. Ati minda ndi ya eni dziko.

Kuyambira pamenepo moyo unasanduka maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku. A Mhembere anaika lamulo limodzi lokha, ndipo linali lokwanira: wosagwira maricho m'munda mwawo atuluke m'nyumba yawo. Nyumba zake zomwe zija anaumba njerwa zake ndi makolo a anthu omwewa! A Kalino ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri ndi mwana wawo Everjoy, amene anabwerako ku ukwati ndi ana awiri ndi chifuwa chosatha. Mkazi wawo anagona kale kumanda a komboni, kuseri kwa damu. Kunja kwa kanyumbako analibe kwina kulikonse koti n'kuloza ndi chala kuti uko ndiye kwathu.

Zimene zikubwerazi sizinenedwa. Koma poti makina ananena kale pa khonde la bwana, dzuwa likuswa mtengo, kubisako n'kwa chiyaninso?

Pa komboni imeneyi gule wamkulu sanafe. Anabwera ndi makolo kuchokera kwawo, ndipo pa maliro ndi pa ziliza zilombo zinkatulukabe kuchokera ku dambwe, kuthengo kumene wosameta safikako. Mwa zilombo zonse chotchuka chinali kapoli: mutu wonse nthenga zokhazokha, thupi lopakidwa dothi, miyendo yopalasa fumbi mpaka oimba ng'oma kutsokomola, mawu ang'ono okwera ngati a mwana. Kapoli ameneyo anali a Kalino. Munthu yemwe masana ankatchedwa "iwe mudhara" ndi anyamata a msinkhu wa zidzukulu zake, akatuluka ndi nthenga zija amuna ankapatuka m'njira, ana n'kubalalika akukuwa, amayi n'kuyankha nyimbo akuwomba m'manja.

Musaganize kuti anthu sankadziwa. Mayi uti amene angatunge madzi pa mpopi umodzi ndi munthu zaka zonsezo n'kulephera kuzindikira akakolo ake? Ngakhale a Sulemani a kagolosale, Msilamu wosaphonya swala, amene gule akamadutsa ankatseka zenera, ankadziwa bwino lomwe. Koma kudziwa n'kwina, kunena n'kwina. Mwambo wake ndi wakuti kapoli amachokera kumanda, si mwana wa munthu, ndipo dzina silitchulidwa. Komboni yonse inasunga pakamwa, ndipo kusunga pakamwa kumeneko ndiko kunkapatsa kapoli mphamvu yonena zimene munthu wa maricho sangayerekeze kunena.

Ndipo ananenadi. Chaka china mwamuna wa mai Lucia atamwalira, a Mhembere anatuma anyamata kukazula chitseko ndi malata pa nyumba ya wamasiyeyo, dothi la pamanda lisanaume, poti m'nyumbamo munalibenso wogwira khasu. Anthu anangoti kukamwa pululu. Patapita nthawi kunagwa maliro ena, ndipo a Mhembere anafika ndi galimoto yawo pamaliro pomwepo kudzatenga antchito, ati fodya wapsa m'munda sadikira akufa. Ha! Kapoli anatulukira kuseri kwa nyumba ya siwa atatutumula mimba, akuyenda tang'atang'a, akugwedeza kachitini ka miyala ngati makiyi a galimoto. Aliyense anaona kuti akuyenda ngati ndani. Kenaka nyimbo:

"Wazula chitseko cha wamasiye, ede,
manda ake adzatseka ndi chiyani?"

Amayi anailandira nyimboyo ngati anaigonera. A Mhembere Chichewa sankamva, koma kuseka kulibe chilankhulo. Atati akalipe, kapoli anawalunjika, ndipo bwana wathunthu anathawa chothawa, nsapato imodzi n'kutsala mu ngalande. Mawa lake analumbira pamaso pa onse kuti akadzamudziwa wovina uja, tsiku lomwelo adzagona pa msewu wa ku Karoi ndi mbumba yake yonse. Anafunsa uyu, ananyengerera uyo, anafoletsa amuna onse pa shedi n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. Sanapeze kanthu. Akanapeza bwanji, munthu woti antchito ake sanawayang'anepo kumaso? Kwa iwo onse anali makasu okhala ndi miyendo.

Zaka zinapita chinsinsi chili phee, mpaka chilimwe china kunafika galimoto yoyera ya anthu a kafukufuku ochokera ku yunivesite ina ya ku Harare. Wamkulu wawo anali Dominic, mwamuna wa magalasi wosakhazikika pansi, ndipo wolankhula ndi anthu anali Precious, mtsikana waulemu wodziwa kugwada popereka moni. A Mhembere anawapatsa chipinda m'nyumba yaikulu, poti kumeneko ndiko kunali magetsi a sola otchajira makompyuta awo.

Precious anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa pa shedi n'kufotokoza mwa Chishona chofewa. Ati makompyuta masiku ano amaphunzitsidwa kuzindikira munthu poona nkhope yake, koma aphunzitsi ake anawaonetsa kwambiri nkhope za azungu, moti akaona munthu wakuda amasokonezeka, amatenga uyu kukhala uyo. Iwo ankafuna nkhope za kuno, zopsa ndi dzuwa, zamakwinya, kuti kompyuta iphunzire. Mayina sadzalembedwa, anatero, aliyense adzakhala nambala chabe. Wojambulidwa alandira botolo la mafuta ophikira ndi paketi ya shuga.

Mafuta ndi shuga, mwezi wa Okutobala! Ndani akanakana? A Kalino anaima pa mzere ngati anzawo. Anauzidwa kuti ayang'ane kutsogolo, ayang'ane kumanja, kumanzere, aseke, akwinye nkhope. Kenaka anawajambulira mizere iwiri pansi n'kuwauza kuti ayende kuchoka pa uwu kukafika pa uwo, abwererenso, kamera ili pa miyendo yake itatu ikuwatsata.

"Kuyendaku n'kwa chiyani, mwanangu?" anafunsa a Kalino. "Nkhope ili ku miyendo?"

Precious anaseka, n'kuwayankha ngati agogo ake. "Ayi sekuru. Nthawi ya korona anthu atavala zotseka pakamwa, makompyuta anavutika. Ndiye tikufuna idziwenso makutu, mapewa, kayendedwe."

A Kalino anagwedeza mutu ngati amva, koma mtima unali pa botolo la mafuta. Anayenda bwinobwino, mwaulemu, phewa lawo lili pendeke.

Sabata yomweyo Dominic anamva kuti Loweruka kuli chiliza ndipo gule atuluka. Munthuyo anachita ngati watola golide. Nkhope zophimbidwa, osati ndi kansalu ka pakamwa, koma mutu wonse! Anatuma Precious kwa a Petro, mkulu wa dambwe, kukapempha kuti ajambule, iwo agula simenti ya chiliza ndi mbuzi ya akuluakulu. A Petro anaitana anzawo, ndipo nkhani sinatalike.

"Akuti makina awo amagwira nkhope," anatero a Petro. "Agwiretu. Chilombo chili ndi nkhope ya munthu? Ajambula nthenga za nkhuku, akaphunzitse kompyuta yawoyo kulira kokoliriko."

Onse anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Kalino. Apa ndi pamene analakwira akuluakuluwo. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti ukabisa nkhope wabisa munthu, chifukwa anazolowera kukhala pakati pa anthu amene amaona miyendo koma osanena. Za chinthu choona miyendo n'kunena, sanachilotepo.

Loweruka lija kapoli anavina ngati sadzavinanso. Ng'oma zinalira mpaka ku msewu waukulu. Ataona kamera ija, kunyada kunamukwera: anapita pafupi, anazungulira, anabwerera m'mbuyo, anayenda molunjika kwa iyo akugwedeza nthenga, kuti anthu a ku Harare akasimbe kuti kuno kuli gule. Dominic thukuta lili kamukamu, akungoti zabwino, zabwino.

Lolemba a Kalino anapatsidwa maricho odulira mpanda wa maluwa kutsogolo kwa nyumba yaikulu. Pa khonde panali Dominic ndi Precious ataweramira kompyuta, a Mhembere ataima kumbuyo kwawo ndi kapu ya tiyi. Kuchokera pamene anali, a Kalino ankaliona bwino galasi la kompyutayo. Linagawika pawiri. Mbali ina kapoli ankayenda kulunjika kamera, thupi lake litajambulidwa timizere ngati timitengo tolumikizana pa mapewa, m'chiuno ndi m'mawondo. Mbali inayo anthu a m'komboni ankasinthana mofulumira, uyu wabwera uyu wapita, amayi, abambo, aliyense ndi timizere take. Kenaka kusinthanako kunaima. Panatsala nkhalamba ya ovolosi yong'ambika pa bondo, ikuyenda pakati pa mizere iwiri. Timitengo ta kuno ndi ta uko tinayenda limodzi, phewa lamanzere lotsika kuno, lotsikanso uko. Bokosi lobiriwira linazinga onse awiri.

Dominic analumpha pa mpando akuwomba m'manja. Chizungu cha a Kalino chinali cha m'balani, koma anamva. Yamupeza! Mutu wonse wophimbidwa, koma yamupeza!

Chikwanje chinawalemera m'manja. Precious anatukula maso, anaona a Kalino ali chiimire pa mpanda, ndipo anatseka kompyuta ija msangamsanga. Koma a Mhembere anali ataona kale, tiyi wawo ataika pansi.

"Tsegula," anatero a Mhembere.

"Bambo, izi ndi za kafukufuku basi," anatero Precious. "Tinawalonjeza anthuwa kuti palibe adzadziwike."

"Khonde ndi langa, magetsi ndi anga. Tsegula."

Dominic anatsegula yekha, akufotokoza kuti palibe dzina, ndi nambala chabe. A Mhembere anayang'anitsitsa nkhalamba ya pa galasiyo nthawi yaitali, n'kufunsa kuti kodi mudhara ameneyu ndi wa pa pulazi pano? Tamvani zimenezo! Munthu wawalimira chiyambire jambanja, ndipo ali poteropo ndi ovolosi yomweyo. Mpaka maso awo anachita kutsetsereka okha kuchoka pa bondo long'ambika la pa galasi kukagwera pa bondo long'ambika la pa mpanda.

"Iwe," anaitana. "Dzina lako ndani?"

"Kalino, bwana."

"Kalino." Analitchula pang'onopang'ono ngati akulawa. "Mawa m'mawa pa shedi. Uvine pamaso pa onse, mmene ulilimu, nkhope poyera, ndi kanyimbo kaja. Ukavina, nyumba ukhalamo. Ukakana, dzuwa likamalowa ndipeze chitseko chili pa thirakitala."

Madzulo a tsikulo, dzuwa litapendeka, Precious anafika pa kanyumba kaja n'kugwada pakhomo, maso ali ofiira. Anapepesa mwa Chishona, anapepesanso mwa Chichewa chothyokathyoka. Anati apempha kuti chithunzicho chifufutidwe.

"Mufufuta m'kompyuta," anatero a Kalino. "Nanga m'mutu mwa a Mhembere mufufuta ndi chiyani?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Kenaka, poti bodza sankalitha, anaulula kuti ngakhale m'kompyutamo n'zovuta, chifukwa Dominic watumiza kale kwa anzawo a kunja, ndipo akuti pa ulendo wonse palibe chimene chatuluka bwino kuposa chimenechi. A Kalino anaseka kuseka kowawa. Moyo wonse palibe ofesi inawayamikirapo kanthu, lero akhoza mayeso a kunja osadziwa n'komwe kuti akulemba.

Atangochoka Precious analowa a Petro, osagogoda.

"Mukane, achimwene," anatero. "Munene kuti makina anama. Tonse tikuikirani kumbuyo. Mukavina poyera simwadzipha nokha, mwapha kapoli. Ana athu adzaopanso chiyani? Wina akadzazulidwa chitseko adzamuimbire ndani?"

"Ndikudziwa," anayankha a Kalino.

"Ndiye mukane."

"Ndikakana, Everjoy ndi anawa ndidzawagoneke kwanu?"

Kwa a Petro chinali chipinda chimodzi, anthu ogonamo mpaka pakhomo, ndipo nachonso chinali cha a Mhembere. Kuchipinda Everjoy anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chija chokoka ngati akung'amba nsalu. Amuna awiriwo anamvetsera mpaka chinatha. A Petro anadzuka n'kutuluka osatsazika.

M'mawa pa shedi anthu anasonkhana ndi makasu awo monga mwa masiku onse, koma panalibe wopatsana moni mokweza. A Mhembere anatulutsa mpando n'kukhala, miyendo tang'a. Kapitawo wawo anakonzeka ndi foni. Ng'oma panalibe, woimba ng'oma akanachokera kuti? A Kalino anaima pakati, ovolosi yomwe ija, majombo a mphira ku mapazi, imvi zili mbuu. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi oposa kuvulidwa pa msika. Anayang'ana ku komboni, kumene denga la kanyumba kawo linkaoneka, ndipo anayamba kupalasa.

Majombo amalemera, sapalasa fumbi ngati phazi. Komabe miyendo inkadziwa ntchito yake, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka koposa: ikanalephera, anthu akanati makina ananama. Sinalephere. Aliyense anaona kapoli wathunthu akutuluka m'thupi la nkhalamba ya maricho.

"Nyimbo!" anakuwa a Mhembere. "Ndi mimba yomwe, mmene unachitira muja!"

Anatutumula mimba yopanda kanthuyo, nayenda tang'atang'a. Mawu ang'ono aja anatuluka pakamwa pooneka, pa mano otsala atatu anayi, ndipo anaimba za chitseko cha wamasiye. Palibe anayankha. Mayi wina wachikulire anatembenuka n'kupereka msana, mnzake anatsatira, mpaka amayi onse anaima chofulatira, akuyang'ana khoma la shedi, kuti asaone chimene sayenera kuona. A Sulemani, amene anangobwera kudzapereka buledi kwa kapitawo, anavula kofia n'kuphimba nayo kumaso. Amuna a ku dambwe maso anali pa makasu awo. Koma ana, amene anathamangira kudzaonerera asanapite ku sukulu, palibe anawauza kuti afulatire. Anayang'ana maso ali tong'o, kenaka mmodzi anaseka, onse n'kugwa nako kuseka.

A Mhembere anaseka mpaka kutsamwa, akupukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja. Chinthu chimene chinawathamangitsa mpaka kutaya nsapato, kani ndi kankhalamba aka! Atakhuta anakweza dzanja.

"Basi, basi. Nyumba khalamo. Tenga khasu, fodya akudikira."

A Kalino anatola khasu n'kulowa m'munda pamodzi ndi anzawo. Ali pakati pa mzere galimoto yoyera ija inadutsa pa msewu wa m'munda, katundu atamangidwa pamwamba, ikupita ku Guruve kukafuna nkhope zina. Dominic anali pa foni akulankhula mosangalala. Precious anayang'ana mbali inayo.

Palibe anawakalipira. Bola akanawakalipira. A Petro ankawapatsabe moni pa mpopi, moni wa anthu ongodziwana m'basi. Nthenga zija anakaziwotcha ku dambwe osawaitana, ndipo utsi wake a Kalino anauonera patali ali pa maricho. Kanema wa kapitawo anayenda m'mafoni mpaka ku mabawa a ku Karoi, kumene anthu ankaitanizana kuti bwerani mudzaone gule wa majombo. Mvula isanagwe a Mhembere anazulitsa chitseko china, cha banja la mnyamata amene anathyoka mwendo pa thirakitala. Komboni yonse inaonerera chitsekocho chikukwezedwa, ndipo pa maliro otsatira ng'oma zinalira, zilombo zina zinavina, koma panalibe choimba za nkhaniyo.

Tsiku lina a Kalino akuchokera kumunda, msana ukuwawa, anapeza gulu la ana pakhomo pawo. Sanathawe. Wina anali atasomeka nthenga ziwiri za nkhuku m'tsitsi, akupendeketsa phewa, anzake akumuimbira ndi zitini. Atawaona anawathamangira mokondwa n'kuwagwira ovolosi, zidzukulu zawo zomwe zili pomwepo.

"Sekuru Kalino, tivinireni kapoli! Kamodzi kokha, sekuru!"

A Kalino anachotsa timanja ta anawo mofatsa, kamodzikamodzi. Analowa m'nyumba ya a Mhembere ija, natseka chitseko.